Kalulu sapatsana ngati mchere

Alamu anga a ku Bangwe anandikwiyira miyezi itatu yathunthu chifukwa cha kalulu. Inde, kalulu weniweniyu wa makutu ataliatali. Tikakumana pamaliro moni wake unali wa m'mphuno. Ndikawaimbira foni ankati ali pamsonkhano, chikhalirecho ndi munthu wogulitsa matabwa amene misonkhano sagwirizana nayo. Mlandu wanga unali umodzi wokha: anandipempha mwana wa kalulu, ine n'kuwayankha kuti ndiyambe ndakaona khola.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu awerengi mwayamba kale kupukusa mitu, mukuti munthu ameneyu ndi wodzimva. Musafulumire kundiweruza abale anga. Tamvani kaye kumene nkhaniyi inachokera.

Munali mu 2020. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Marichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo mwana wathu wamkazi, amene nthawi imeneyo anali mu Sitandade 5, ankangozungulira pakhomo ngati nkhuku yosowa poikira. Agogo ake ku Ntcheu atamva zimenezi anati amupezera chochita. Mu Meyi tinalandira katoni yoboolaboola yochokera kumudzi, m'kati mwake muli kalulu wamkazi woyera mbee, wa maso ofiira, mtundu uja amati New Zealand White. Ndinamukhomera khola lachangu la nsungwi ndi zidutswa za malata kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Zingwangwa. Mwanayo anamutcha dzina loti Mfumukazi. Chimene agogo aja anaiwala kutiuza n'chakuti Mfumukaziyo anabwera ali ndi bere.

Patapita masabata atatu tinayamba kuona zachilendo. Kalulu uja ankatuta udzu kukamwa n'kumaunjika pakona ya khola, kenaka anayamba kudzizula ubweya wa pachifuwa ndi pamimba. Mayi akunyumba anati ndi mphere. Ine ndinati wasokonezeka mutu chifukwa cha kusungulumwa. M'mawa mwake, kukuzizira chiperoni chija cha mu Juni chimene chimakwirira phiri lonse la Soche, mwana analowa m'nyumba ali wefuwefu.

"Adadi, tabwerani! Makoswe aswera m'khola la Mfumukazi!"

Sanali makoswe. Pansi pa mulu wa ubweya uja panali tinthu tisanu ndi tiwiri, tofiirira, tamaliseche, maso ali chitsekere, makutu atamatirira kumutu, tikungophiriphitha. Ine ndinakulira kumudzi, ndipo ana a kalulu ndinkati ndimawadziwa. Tikamapita kokumba mbewa m'chilimwe tinkawadzidzimutsa m'tsala: aubweya kale, maso ali gwa, okonzeka kuliyatsa liwiro. Ndinadzazindikira mochedwa kuti kalulu wa m'tchire, uja wa m'nthano amene ankapusitsa Fisi ndi Njovu, ndi nyama ina, ndipo wowetayu ndi nyama inanso. Wowetayu makolo ake ndi a ku Ulaya, kumene ankakumba mauna n'kumaswera mumdima pansi pa nthaka. N'chifukwa chake ana ake amabadwa osapenya, opanda chofunda, odalira chisa pa chilichonse. Chofanana ndi dzina ndi makutu basi.

Tsiku lonse loyamba tinakhalira kusuzumira, koma Mfumukazi sanayandikire ana ake ngakhale kamodzi. Anangodzikhalira kumbali akutafuna chisoso ngati sizikumukhudza. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Apa ndiye akatswiri a m'dera mwathu anatulukira. Mayi wina woyandikana nafe anati, "Mwatigwira ndi manja inu. Kalulu akamva fungo la munthu amataya ana." Wina anati oswa koyamba onse amatero. Mwana anayamba kulira, ine mtima unandipweteka, ndiye ndinachita chimene ndinkachiyesa chifundo. Ndinagula mkaka wa m'paketi kugolosale, ndinapeza jekeseni wopanda singano, n'kusankha tiwiri tooneka tochepa kuti ndizitimwetsa ndekha m'nyumba pafupi ndi mbaula. Kena mkaka unakatulukira m'mphuno. Pofika Lamlungu tonse tiwiri tinali titauma. Tisanu tija ndinatisiya kwa mayi "wosasamala" tinali tonenepa bwinobwino.

Safunsa anadya phula. Amene anandimasula m'chimbuuzi changa ndi bambo wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu, amene anagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto mpaka kupuma. Atamva nkhani yanga anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Achimwene, kalulu si galu, si mphakanso ayi. Amayamwitsa kamodzi patsiku, mwina kawiri, usiku kapena mbandakucha, kwa mphindi zosapitirira zisanu. Akatha amachokapo. Kumeneko ndiye kukonda ana kwake, poti kuthengo mayi wokhalira pachisa amalondolera adani. Inu mumafuna aziyamwitsa masana kuti muzimuombera m'manja?"

Anandikhazika pansi ngati mwana wa sukulu. Ukafuna kudziwa ngati ana akuyamwa, anatero, usayang'ane mayi, yang'ana mimba za ana m'mamawa. Wokhuta mimba yake imakhala yozungulira ngati kadzira, khungu losalala, ndipo amagona phee pamulu wa anzake. Wanjala khungu limachita makwinya, amakwawakwawa osakhazikika. Za fungo la munthu anaziseka: kalulu wozolowera mwini wake sataya ana chifukwa cha dzanja, ndipo n'kofunika kutsegula chisa tsiku lililonse, kuwerenga, ndi kuchotsa kakufa kasanaole. Mkaka wa kalulu, anandiuza, mafuta ake amaposa a mkaka wa ng'ombe katatu, ndiye wa kugolosale uja umangodzaza mimba osakhutitsa, ndipo ukalowera njira ya mpweya ndiye kwatha. Mayi akafa zenizeni, njira yabwino ndi kuika anawo kwa kalulu wina amene waswa masiku omwewo.

Ananditsina khutu pa zinthu zina ziwiri. Choyamba, kamwana kakakokedwa kunja kwa chisa kali pabere, mayi sakanyamula kukamwa kukabweza ngati m'mene amachitira mphaka. Kamangogona pomwepo mpaka kuzizira kukakatenga, pokhapokha iwe utakaona n'kukabwezera. Chachiwiri, linthumbu. Likalowa m'khola usiku, m'mawa upeza mafupa okhaokha. Miyendo ya khola, anatero, uiimike m'zitini zothiramo oilo wakale wa galimoto, ndipo uwaze phulusa mozungulira.

Kuyambira pamenepo tinangokhala oonerera, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana anatenga kope lake la masamu limene linkangokhala, n'kumalembamo zonse. Sabata yoyamba isanathe tinthu tija tinamera ubweya wosalala. Tsiku la 10 koyamba kanatsegula diso limodzi, mawa lake tonse tinali tikupenya. Sabata yachitatu tinayamba kutuluka m'chisa, kudumpha mopepera, ndi kulawa tsamba la kholowa limene mayi wawo akudya. Kunena zoona, palibe kanthu kokongola ngati kamwana ka kalulu ka masabata anayi. Ndipo kukongola kumeneko ndi kumene kunatipalira moto.

Pajatu kwathu kuno chinthu chikaswa si chako wekha. Timapatsana mchere, moto, mbewu za maungu, ana a galu, ndipo wokana timamutcha woumira. Ana a m'makomo oyandikana anayamba kudzaza kuseri kwa nyumba. Makolo awo akakumana nane pamsewu ankati, "Nanga kathu kaja tidzatenge liti?" Alamu anabwera Loweruka lina ndi mnyamata wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi, mnyamatayo n'kukakamira kamodzi osafuna kukasiya. Ndikanatani? Ndinati kupatsa n'kuika. Kamodzi kanapita ku Bangwe m'katoni, tiwiri kwa mayi uja wa nkhani ya fungo. Tonse tinali ndi masabata anayi okha. Mwana wanga anaima pakhomo osanena kanthu, kope lili m'manja.

Ka ku Bangwe sikanathe sabata. Ndinamva pambuyo pake kuti kankagona m'katoni momwemo pakhonde, mnyamata ankakanyamula pogwira makutu kukaonetsa anzake, ndipo chakudya chake chinali mkute ndi kabichi wonyowa wotola kumsika. Kanatsegula m'mimba, kanafa. Tiwiri tija anatiika m'kakhola kapansi kotchinga ndi njerwa zosamanga. Usiku wina galu anangokankha njerwa imodzi. M'mawa ubweya woyera unali mbwee mpaka pamsewu umene mwana wanga ankadutsa popita kukagula mandasi.

Madzulo a tsiku limenelo, tikudya, anandifunsa funso limene mpaka lero ndimalimva.

"Adadi, m'mene mumawapereka muja, mumadziwa kumene akupita?"

Mayi ake anamudzudzula kuti akulu safunsidwa choncho. Koma ine nsima inandikanika kukhosi. Sindinkadziwa, ndipo sindinafunse n'komwe. Ndinkaganiza za nkhope yanga pamaso pa alamu ndi anansi, osati za kumene tinyama tija tikagone usiku umenewo. Pa ana asanu ndi awiri a Mfumukazi, asanu anafa, ndipo onse asanuwo anafera m'zimene ine ndinkazitcha ubwino wanga. Awiri ndinawapha ndi chifundo, atatu ndi kuwolowa manja.

Mukanayesa kuti ndinachenjera pomwepo. Ayi ndithu. Awiri otsala aja ndinawasiya m'khola limodzi ndi mayi wawo, osadziwa kuti wina ndi wamphongo. Kalulu akafika miyezi inayi kapena isanu ndi wamkulu kale. Bere lake ndi la masiku 31 okha, ndipo wamkazi angathe kutenga bere lina tsiku lomwe waswa. Mu Disembala Mfumukazi anaswa asanu ndi atatu, mwana wake wamkazi asanu ndi mmodzi. Mu Januwale 2021, ndisanapeze matabwa ogawira khola, Mfumukazi anaswanso asanu ndi awiri. Madeya ankatha ngati tikuweta nkhumba. Sukulu zinali zitatsegulidwa, wothyola chisoso anasanduka ine, bambo wa tayi, kumawerama m'mbali mwa ngalande ndi thumba ndikaweruka kuntchito. Eni nyumba anabwera kudzanena kuti fungo la mkodzo likufika mpaka kwa alendi anzathu, tisankhepo pakati pa akalulu ndi nyumba.

Ndiulule pano kuti usiku wina ndinaganiza zowalongedza m'thumba n'kukawamasula kuphiri la Soche. Ndinadzinamiza kuti kumeneko ndiko kuwapatsa ufulu. Ndinakawauza a mlangizi aja maganizo amenewa. Anandifunsa kuti alipo angati, ndinati 24. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati mu 1859 mkulu wina dzina lake Thomas Austin anamasula akalulu 24 pafamu yake ku Victoria m'dziko la Australia kuti azikhala ndi chosaka. Anaswana mpaka kudya msipu wa nkhosa ndi mbewu za dziko lonse. Pakati pa 1901 ndi 1907 boma la kumadzulo kwa dzikolo linamanga mipanda yotalika makilomita oposa 3,000 kuti liwatchinge, koma sizinathandize kwenikweni, mpaka mu 1950 anachita kuwafalitsira matenda dala.

"Koma inu musaope zimenezo," anatero atasiya kuseka. "Kuno kuli agalu, amphaka, akabawi ndi anyamata a malegeni. Kalulu woyera mbee, wobadwira m'khola, amene sadziwa n'kothawira komwe, sangaone dzuwa kawiri. Kumeneko si kumasula ayi. N'kupha kumene, kungoti mwayang'ana kumbali."

Choncho ndinabwerera kunyumba n'kukhala pansi ndi mwana wanga ndi kope lake lija. Wamphongo tinamupatula tsiku lomwelo. Kenaka tinagwirizana za m'mene tiziperekera, ndipo iye ndiye analemba.

Tinati palibe kamwana kochoka kasanakwane masabata 8. Ka masabata anayi kamaoneka kokhwima poti kakudya masamba, koma m'mimba mwake mumakhala musanazolowere, kakufunabe mkaka wa mayi, ndipo kusintha chakudya mwadzidzidzi ndi kumene kumabweretsa kutsegula m'mimba. Tinati wopempha akhale munthu wamkulu, osati mwana, poti mwana amakonda lero, mawa wapita kumpira. Tinati khola tikalione ndi maso athu: likhale m'mwamba kufika m'chiuno, pansi pake pa timipata togwetsa ndowe koma tosalowetsa khoswe, denga losadontha, ndiponso pamthunzi, chifukwa kalulu amapirira kuzizira kusiyana ndi dzuwa la mu Okutobala. Tinati tizipereka aakazi awiri, kapena wamphongo payekha, ndipo wofuna kuweta kuti aziswana akapeze wamphongo kwina, wosakhala wachibale, ndi chipinda chakechake. A mlangizi anatiphunzitsa kuyang'ana kunsi kwa mchira kuti tisabwerezenso ngozi ija.

Aliyense wotenga tinkamupatsa kathumba ka madeya ndi mtolo wa masamba amene kaluluyo anazolowera, ndi mawu ochepa. Masamba azifota kaye pamthunzi, asamaperekedwe onyowa ndi mame kapena otola pamene apopera mankhwala. Chisoso, kholowa, bonongwe, masamba a nthochi ndi a mtedza n'zabwino. Masamba a tomato ndi a mbatata ya kachewere ayi. Udzu wouma usasowe, poti mano a kalulu amakula moyo wake wonse ndipo amafunika chowaperesa. Madzi akhalepo nthawi zonse, zoti kalulu samwa madzi n'zabodza. Chimene wameza sangachisanze, ndiye mkute wosasa musamuyese nawo. Ponyamula, dzanja lina pachifuwa lina kumatako, osati makutu. Akapalapata ali lende angathe kudzithyola msana. Ndipo mawu otsiriza anali akuti: zikakukanikani, m'bwezeni kuno, sitikufunsani chifukwa.

Mayi akunyumba anandiyang'ana tsiku lina ndikuchokera koona khola la munthu ku Chilobwe, nsapato zili matope okhaokha.

"Inu bambo, mwasanduka ankhoswe a akalulu? Nanga si ndiwo zimenezi? Mapeto ake onsewa ndi mumphika."

Sanali kunama. Kalulu kwathu kuno ndi chiweto, ndipo ambiri amene anatenga ankafuna nyama, manyowa a kudimba ndi kandalama ka fizi. Ifenso atatu aamphongo amene anasowa kolowera tinawadya pa Pasaka, ngakhale mwana anakana n'kudyera nyemba. Sindinauzepo munthu kuti alumbire kuti sadzapha. Koma ndinawayankha mayiwo kuti mbuzinso mapeto ake ndi mumphika, komabe munthu amene amaimangirira padzuwa masiku atatu yopanda madzi timamuona kuti ndi wankhanza. Mpeni wakuthwa wa mphindi imodzi ndi wosiyana ndi sabata yathunthu ya njala ndi kutsegula m'mimba m'katoni. Chimene ndinkakana ine ndi chachiwiricho.

Anthu ena anakhumudwa n'kusiya kupempha. Ena anakhoma makola abwino kuposa langa. Amene anandigwira mtima ndi mayi wina wamasiye wogulitsa tomato, amene anatenga aakazi awiri, patatha miyezi iwiri n'kubwera nawo m'dengu atafunditsa chitenje. Anati akusamukira kunyumba yopanda bwalo, ndipo sangawapereke kwa munthu amene sakumudziwa. Anali onenepa, ubweya uli ngwee. Anapepesa ngati walakwa. Ndinamuuza kuti mwa onse amene anatenga, woweta weniweni ndi iyeyo.

Tsono mu Febuluwale muja ndi m'mene alamu anatulukira, katoni ili kukhwapa, mnyamata ali pambuyo.

"Alamu, tamva kuti zachuluka. Tabwera kudzakuchepetserani."

Ndinawapatsa mpando, tinamwa tiyi, kenaka ndinalimba mtima.

"Alamu, akalulu alipo, ndipo anu ndi awiri. Koma katoniyi ibwerere. Mukakhome khola, ine ndidzabwere nawo ndekha."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Mlongo wanga ndinakupatsani osabwera kudzaona khola lanu. Lero kalulu mukuti mukayendere kaye?"

Mawu amenewo anandilasa, poti munali choonadi. Pamene ndinkakwatira ndinali ndi mphasa ndi mapoto awiri. Ndinangoti, "Mlongo wanu ali ndi pakamwa, alamu. Zikanamuvuta akanabwera kudzakuuzani. Uyu sanganene." Ananyamuka osatsanzika bwino. Mayi akunyumba sanandilankhule mpaka mawa lake, ndipo ine ndemwe ndinagona ndikudzifunsa ngati kanyama ka makilogalamu awiri n'koyenera kudanitsa anthu pachibale. Koma m'mawa mwake ndinapeza mwana wanga atalemba m'kope muja, pansi pa mayina a aakazi awiri amene ankawakonda kwambiri: "A ku Bangwe, akakhoma." Sanawakanize. Ankangodikira.

Chibale ndi fupa, sichiola. Kumapeto kwa Meyi foni inalira. "Alamu, mubwere Loweruka mudzayendere ntchito, a bwana insipekitala." Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, ina mpaka ku Bangwe, dengu lili pamiyendo, mwana ali pambali panga. Paja ndinati ndi ogulitsa matabwa. Khola limene tinalipeza pansi pa mtengo wa mango linali la zipinda zitatu, la matabwa opala, loko wake wonyezimira, miyendo ili m'zitini za oilo. Langa lija likanaima pafupi nalo likanachita manyazi. Mnyamata uja anatambasula manja kuti alandire, ndipo ndisanatsegule pakamwa, bambo ake anam'gwira paphewa.

"Osati makutu iwe. Dzanja lina pansi."

Chaka chotsatira, nditapita kukacheza, ndinapeza kamnyamata ka pafupi katakangamira pa waya wa khola, kakupempha kamwana kamodzi. Alamu, osadziwa kuti ndaima kumbuyo kwawo, anali akukauza kuti, "Kaitane bambo ako. Ndiyambe ndaona kumene kazikagona." Atatembenuka n'kundiona anatsokomola, n'kunena kuti nzeru imeneyo anali nayo kuyambira kale, ine ndinangowatsogolera kuinena. Sindinatsutse. Ndinapempha madzi akumwa.